Nsanja ya ku Mhangura

Ndineneretu, nsanja ya mgodi wa ku Mhangura sindiikonda. Alendo ndiwo amaiona kukongola. Amaimitsa galimoto, n'kutulutsa mafoni, n'kumayang'ana kumwamba ngati nkhuku yakumwa madzi. Ine ndimangoona chitsulo chadzimbiri chimene chinatimangirira kuno.

Bambo anachoka ku Malawi ali mnyamata kudzagwira ntchito mumgodi wa mkuwa kuno ku Zimbabwe. Masiku amenewo magudumu a pamwamba pa nsanjayo ankazungulira osapuma, kutsitsa anthu m'chikepe ndi kuwakwezanso. Aliyense wochokera kumudzi ankauzidwa zofanana: ukaona nsanja tsika, ufunse anthu akwathu. Palibe ankasochera. Mgodi utatsekedwa magudumu anaima, bambo sanakhalitse anatisiya, ndipo ine ndi amayi tinasamukira kukomboni ya pulazi ina yapafupi, kumene timadyera maricho, ganyu wa m'minda ya eni. Ukaweramuka m'munda wa fodya, nsanjayo imaonekera pamwamba pa mitengo.

Achimwene anga anapita ku Joni tisanasamuke, choncho pulazi imene tili saidziwa. Poyamba ankatumiza moni kudzera mwa anthu, kenako zii. Anzathu ambiri anabalalika, ena ku Wedza, ena ku Harare, koma amayi anakanitsitsa kupita kutali.

"Akabwera adzatsikira pansanja," ankatero. "Tikachoka adzafunsa ndani?"

Loweruka lililonse ankakazinga mtedza n'kukakhala m'mbali mwa msewu, pamene alendo amaima. Mtedzawo unali chonamizira chabe, iwo ankafuna kuona nkhope. Galimoto ikaima ankapereka moni m'Chichewa mwadala: "Mwaswera bwanji, bambo?" Ambiri ankayankha m'Chishona, "Taswera, ambuya," n'kuyamba kufunsa za mgodi, kuti anthu ankatsika bwanji, kuti pansipo padakali mkuwa kapena ayi. Ena ankapempha kuwajambula amayi, nsanja ili kumbuyo kwawo. Zimenezi zinkandipsetsa mtima.

"Amayi, nanunso mwasanduka nsanja?" ndinawafunsa tsiku lina. "Munthu wofuna kwawo ali ndi pakamwa, bwenzi atafika kalekale."

"Khala chete iwe," anayankha. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Kudekha ine ndinalibe. Ndinkangowaperekeza chifukwa maso awo anali atachita ng'ala, ndipo kumapeto ndine ndinkawaonera. Galimoto ikaima ankandigwira chitenje n'kunong'oneza, "Ndi wamtali?" Ndikati ndi wamfupi, ankasiya chitenje changa n'kuyamba kuwola mtedza.

Amayi anamwalira nyengo yothyola fodya. Tinawaika kumanda a pulazi, kuseri kwa zigafa, tili anthu ochepa. Okumba manda anali aganyu ongodutsa, pano anapita kale kwina. Mitumbira kumeneko imafanana yonse, ndipo mvula ikagwa udzu umakwirira zonse. Wodziwa pamene anagona amayi ndatsala ndekha.

Mwana wanga wamkazi amakhala ku Ruwa, kufupi ndi Harare. Anandikonzera chipinda, ndipo sasiya kundiimbira.

"Mhamha, huyai, bwerani kuno. Mukudikira chiyani kumeneko? Sekuru sabweranso."

Mwina akunena zoona. Amalume akewo ngakhale ine sindikhulupirira kuti adzaoneka. Ndipo ndimasungulumwa, sindibisa. M'nyumba muno tsiku limatha osayankhula ndi munthu, mpaka mawu anga omwe amandidzidzimutsa ndikamathamangitsa mbuzi.

Choncho m'mawa wina ndinamanga katundu, ndinatseka chitseko ndi waya, n'kupita kumsewu. Kombi sinachedwe. Kondakitala anatsegula chitseko akukuwa, "Harare, Harare!" n'kutambasula dzanja kuti alandire mtolo wanga. Ndinali nditaponda kale mwendo umodzi. Pomwepo ndinaganiza za achimwene akutsika pamalo omwewo tsiku lina, imvi mbuu, akufunsa kuti amayi ali kuti, wina aliyense akupukusa mutu.

"Handei, amai, tiyeni!" anatero kondakitala.

"Pitani," ndinamuuza. "Sindikwera."

Anandinyogodola, kombi n'kunyamuka. Ndinasenzanso mtolo wanga kubwerera kukomboni, ndikuwatukwana achimwene njira yonse.