Dzina la Dorcas M'belu la Merope

Ku Devonport kuno mwana wa msilikali wapamadzi amabatizidwa m'belu la sitima ya bambo ake. Amalitembenuza, kuthiramo madzi, kenako n'kuzokota dzina la mwanayo m'kati mwake. Dorcas ankati lake lili m'belu la Merope, koma mumsewu mwathu panalibe womukhulupirira.

Merope inali sitima yankhondo yamtundu wopepuka, ya zitsulo zopyapyala kuti izithamanga. Ntchito yake inali kuperekeza sitima zakatundu, kaya ku Malta, kaya kunyanja yozizira yakumpoto. Bambo ake a Dorcas, Jabez Penhale, ankasonkha moto m'chipinda cha injini, ndipo anafera momwemo bomba litaboola chitsulo chopyapyalacho. Amayi a Dorcas sanawakwatire, choncho mwanayo anakula ndi dzina la kuchikazi. Dorcas ankaumirira kuti bambo ake anamuvomera m'belumo, ndi dzina la Penhale lomwe.

Ine ndi Dorcas tinkagwira limodzi ntchito yochapa zovala za asilikali. Anali wolimbikira, wosamwa mowa, koma pa nkhani ya belu anali nkhutukumve.

"Iwe Dorcas, belu lako lija likulirabe?" ankatero Mayi Hocking, kapitawo wathu. "Mwana wam'tchire kubatizidwa ngati wa bwana!"

"Pakamwa panupo ndi pamene pamalira, mayi," ankayankha Dorcas osadzutsa mutu.

Merope itakalamba anaigulitsa kwa ophwanya sitima ku Scotland. Dorcas anandikakamiza kuti ndimuperekeze, ndipo ndinapita, makamaka chifukwa kumpotoko ndinali ndisanakuoneko. Tinapeza theka la sitimayo atalidula kale. Belu linali m'shedi, pakati pa mipope yamkuwa.

"Mwachokera kutali konseko chifukwa cha belu?" anadabwa mlonda. "Akazi inu! Chabwino, gwirani uko titembenuze."

Mayina a ana a mabwana anali ozokotedwa bwino, mizere yowongoka. Dorcas anawatsata onse ndi chala. Pansi penipeni panali zokanda ndi tupa, zokhotakhota: DORCAS. Anapukuta pambali pake ndi mpango, n'kupukutanso mwamphamvu, kufuna dzina lachiwirilo. Panali mkuwa wosalala basi. Ndinamumvera chisoni.

Titabwerera kuntchito tinapeza Mayi Hocking ali pakhomo.

"Nanga iwe, walipeza?"

"Lilipo," anatero Dorcas, n'kupinda manja a malaya ake.

Anachapa zovala mpaka msana unakana. Kuyambira tsiku limenelo kufikira imfa yake sanatchulenso dzina la Penhale.