Nsanje Yanga Inamanitsa Mwana Katemera

Inu owerenga, ine ndinaletsa mkazi wanga kupita ndi mwana kusikelo, ndipo chifukwa chake n'chamanyazi. Inali nsanje basi.

Ndimagulitsa chimanga chootcha m'mbali mwa msewu pa Phalula, ndipo ndinakwatira chikamwini chakufupi komweko. Titabereka Tiyamike, mtima wanga unayamba kukayika. Tsiku la sikelo mkazi wanga ankasamba m'mamawa, n'kudzola mafuta, n'kuvala chitenje chimene ngakhale popita kutchalitchi ankachiumira. Pobwerako ankang'ung'udza tinyimbo. Ndiye mlangizi wa zaumoyo wa kumeneko anali mnyamata wa nsapato zowala, wanthabwala, pamene ine ndimanunkha utsi tsiku lonse. Zinkandiwawa koopsa.

Mkazi wanga anandifotokozera kuti amayi onse amatchena tsikulo, poti wobwera waumve amasekedwa pamzere. Sindinamve. Ndinamuuza kuti akadzapondanso kumeneko akakhale konko. Anandichonderera kuti mwana sanamalize katemera wa chibayo, ine n'kumuyankha kuti tonse tinakula tikutsokomola ndipo sitinafe.

Mu Juni kutazizira, chimfine chinalowa m'mudzi. Ana ena anatsokomola n'kuchira. Tiyamike anasiya kuyamwa, nthiti zikulowa m'kati akamapuma. Kuchipatala ku Balaka anamuika pa mpweya, ndipo namwino atafunsa chimene katemera analekezera panjira, mkazi wanga anangondiyang'ana. 

Mwana anachira, koma titangobwerera kumudzi malume a mkazi wanga anaitanitsa ankhoswe. Ndinkayesa mkazi wangayo akalipa. Iye analankhula motsitsa mawu: "Inu mumaopa kuti akulandani mkazi. Ine ndimaopa kuika mwana m'manda. Iyayi, sindingakhalenso nanu."

Ndinatuluka pamudzipo ndi zovala zanga m'thumba. Choipa n'chakuti nsanjeyo sinandichoke mpaka pano. Ndikamva kuti wina wamuthandiza kufolera nyumba, chakudya sichilowa, koma ndilibenso pakamwa pofunsira.

Abambo anzanga, mkazi akamatchena tsiku la sikelo, musiyeni apite. Ngati mtima ukukana, nyamulani mwanayo mupitire limodzi, mukakhale pamzere ngakhale amayi akusekeni. Mkangano wanu usafike pa katemera wa mwana, poti iye sadziwa chimene mukulimbirana. Ine ndimangomuona Tiyamike akudutsa pamsewu ali kumbuyo kwa mayi ake, ndipo ndikamukodola amabisa nkhope ngati waona mlendo.