Phala Lomwe Linkasanduka Madzi

Nkhani iyi ndinakhala nayo zaka zambiri osauzapo munthu, ngakhale mayi a ana anga amene ndinakhala nawo mpaka kuwaika m'manda.

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anadwala chifuwa kwathu kwa Mlonyeni, fodya ali m'zigafa. Ndinali ndi zaka ngati zisanu ndi ziwiri. Mayi ankalawirira kumunda, choncho ntchito yophikira bambo phala inagwera achemwali anga, a Esinati. Ankaphika lolimba bwino, la mgaiwa, lothira nsinjiro, n'kulivundikira pafupi ndi mafuwa kuti lisazizire mpaka bambo adzuke. Akatero ankapita kudambo kukatunga madzi.

Fungo la nsinjiro lija linkandikoka ngati mbuzi ya pachingwe. Ndinkavundukula mbale, kutapa, kunyambita sipuni mpaka kuwala, kutapanso, kenaka n'kusalaza pamwamba kuti pasaoneke dzenje. Pofika nthawi yoti bambo adye, phala linkakhala litasanduka madzi.

"Iwe Esinati, ili ndi phala kapena thobwa?" anakalipa mayi. "Abambo ako achire ndi madzi otsukira mbale?"

"Amayi, ndinasiya lolimba ine!"

"Ndiye walisungunula ndani, nkhuku?"

Zinachitika masiku atatu, ndipo masiku onse atatu achemwali anakwapulidwa. Azakhali ananena kuti manja a mwanayu ali ndi tsoka. M'mudzi anawapatsa dzina loti Namadzi, ndipo pamaliro kapena paukwati ankawatuma nkhuni basi, poto osamukhudza. Bambo anachira, koma dzina linatsala. Achemwali anakakwatiwa kutsidya kwa malire, cha ku Mwami, kumene kunalibe wolidziwa.

Ine ndinkadziwa kuti phala linkasungunuka ndikanyambita pokha. Ndinaganiza kuti m'kamwa mwanga muli choipa chobadwa nacho, ndipo ndinachita mantha kuulula.

Sukulu ndinayamba imvi zitatuluka kale, ya kwacha poyamba, kenaka ya masana kusekondale, kukhala benchi imodzi ndi anzake a adzukulu anga. Mwezi watha aphunzitsi a sayansi, mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga wotsiriza, anabwera ndi makapu awiri a phala.

"Agogo, tatilavuliraniko muno. Musachite manyazi, lero ndi zololedwa."

Ana anafa nazo kuseka. Piriyodi isanathe, phala la m'kapu yanga linali madzi, linzake lili gwa. Aphunzitsi anafotokoza kuti m'thupi muli tinthu totchedwa maenzaimu. Ena amagwira ntchito m'kati mwa maselo momwe anapangidwira, osatulukamo. Ena maselo amawatulutsa kuti akagwire ntchito kunja, monga a m'malovu, amene amaphwanya chakudya cha ufa. Amenewa sasamala kuti ali m'kamwa kapena m'mbale.

"Malovu a munthu aliyense?" ndinafunsa.

"Aliyense, agogo. Angakhale a abusa."

Ndinakhala pansi. Masiku ano mwana wa fomu wani akudziwa chimene chikanapulumutsa achemwali anga ku ndodo, ndipo ndikuona kuti ana a anawa sadzapatsana maina oterewa. Ndinapepukidwa kuti m'kamwa mwanga munalibe tsoka. Koma umbombo ndi kukhala chete zinali zanga ndithu, ndipo a Esinati akadali moyo.

M'mawa mwake ndinapopa njinga n'kupalasa mpaka paboda. Mnyamata wolemba ziphaso anandifunsa chimene ndikukachita ku Zambia.

"Ndikukapepesa kwa achemwali anga," ndinatero.

Anandiyang'ana pang'ono, n'kudinda.