Chitedze m'jekete la agogo

Agogo aamuna anasiya kumeza chaka chomwe ndinalowa Fomu 3. Inayamba kukana ndi nyama, kenako mpunga, mapeto ake ngakhale phala linkabwerera. Abambo anali ku Joni, ndiye kuchipatala cha kuboma anawaperekeza ndi amayi.

Kwathu ku Uliwa mkazi sayang'anana ndi apongozi ake aamuna. Ndiye m'chipinda cha dokotala muja amayi anakhala atafulatira, maso kukhoma, agogo atamanga mabatani a jekete lawo mpaka m'khosi. Avule pali mpongozi? Anakana. Dokotala anamvetsera, anayang'ana mmene anawondera, nkunena kuti zizindikiro zonse ndi za khansa ya kummero, ndipo yafika patali. Abwerere kunyumba, azimwa zamadzimadzi.

Pakhomo panangoti zii. Amvano ankabwera kudzaimba nyimbo zokoka zija ngati munthu wapita kale. Agogo, omwe kale ankandithamangitsa ndi ndodo ndikawabisira fodya, ankangogona pansi pa mtengo wa mango osatukwana aliyense. Ine zinanditopetsa. Ndinkafuna ndiwamve akukalipa, basi.

Chitedze ndinakachithyola kudambo, manja nditavala majumbo. Iwo akusamba, ndinachikung'unthira m'jekete muja, makamaka m'khwapa.

Anavala, anakhala pansi bwinobwino. Kenako phewa linagwedezeka. Kenako linalo. Abale inu, munthu amene ankadzutsidwa ndi anthu awiri anadzuka yekha ngati wamva ng'oma ya malipenga. Jekete uko, malaya uko, akutukwana m'Chinkhonde mawu omwe sindinkadziwa kuti alipo. Amayi anataya beseni nkuthawira m'chinangwa atafunda chitenje kumutu. Ine ndinali pansi, nthiti zikupweteka ndi kuseka.

Phokosolo linatulutsa anesi a ku Ntcheu omwe amachita lendi kuseri kwathu. Anabwera ndi mafuta ophikira, akuseka nawo, nkuyamba kuwapaka agogo kumsana. Atafika m'khwapa kuseka kunatha.

"Agogo, zotupazi zinayamba liti?"

"Ndi anabere chabe. Pakani mafutawo, mayi, ndikupsa."

"Adokotala anaziona?"

"Akanaziona bwanji?"

Zinali ngati mazira a nkhanga, m'khwapa monse muwiri, zina pamwamba pa fupa la m'khosi pomwe kolala inkabisa. Anesiwo anati mawa lomwe abwerere kuchipatala, ndipo wowaperekeza akhale mwamuna. Mwamuna pakhomopo ndinali ine, makutu akadali otentha ndi mmene amayi anawapotokolera.

Ulendo uno jekete ndinalinyamula ndine. Anawadula kanyama m'khwapa nkukatumiza kukayezetsa, ife nkumadikira masabata. Zotsatira zitabwera dokotala yemwe uja anatiitana. Khansa ndi khansa ndithu, anatero, ndipo yafalikira, koma si ya kummero. Ndi ya anabere. Ena atupira m'chifuwa nkumapana njira ya chakudya, ndiye chifukwa chake inkaoneka ngati inzakeyo. Iyi imamva mankhwala nthawi zambiri. Sanalonjeze kuti achira, koma anatilembera kuti tipite ku Mzuzu akayambe madiripi.

M'minibasi ndinalephera kukhazikika. Nkhani yabwinoyi ndinafotokozera kondakitala, ndinafotokozera amayi ena onyamula usipa, mpaka agogo anandiponda phazi.

Tsitsi lawo linathothoka, anasanza, anatukwana anesi onse a ku Mzuzu. Koma atabwera kudiripi yachitatu anandiitana pansi pa mtengo paja. Patsogolo pawo panali mbale ya mbalagha, nthochi zophika ndi nyama ya ng'ombe. Anatola nthuli, anatafuna nthawi yaitali, ine maso ali pakhosi pawo. Inatsika. Tinadikira. Sinabwerere.

"Mfiti iwe," anatero, "azibusa akuti upepese."

"Ndipepese chiyani? Kukuchizani?"

"Ukadzayambiranso ndidzakuthyola miyendo."

"Mphamvu zake mwazipeza kale?"

Anandiponyera fupa, linandiphonya, kenako anakankhira mbale ija kwa ine.

"Kandiwonjezere. Ya mafuta."