Ndinalira amayi asanamwalire

Ku Sheffield kulibe msewu wopanda chitunda. Masana aliwonse ndinkakankha njinga ya olumala ya agogo ena achizungu a panyumba yosamalira okalamba pomwe ndinkagwira ntchito, kukwera nawo mpaka kupaki. Kale anali aphunzitsi, koma mutu unali utayamba kutaya zinthu, moti nthano yawo inali imodzi tsiku ndi tsiku. Ankati ku Girisi kunali mfumu yochenjera imene inauza mkazi wake kuti ikafa asailire maliro, kuti ikadandaule kwa milungu ya akufa n'kuloledwa kubwerera ku moyo. Milungu itazindikira, inaipatsa chimwala choti izikankha kukwera phiri, chikafika pamwamba n'kugubudukiranso pansi. Ine ndinkangoseka, kupusa kwangako.

Chaka chimenecho ntchito inali itandifika pakhosi, ndipo nyumba ina yosamalira okalamba ku Wakefield inandiitana ku intaviyu. Abwana sakanandilola, komanso viza yanga inali m'manja mwawo. Ndiye ndinawauza kuti amayi amwalira kumudzi. Anandipatsa masiku atatu. Ntchito ya ku Wakefieldyo sindinaipeze n'komwe.

Chomwe sindinaganizire n'chakuti mnzanga wa ku Zambia, wa shifiti imodzi ndi ine, akauza azimayi a kutchalitchi. Anabwera Loweruka, zitenje m'chiuno, nakhala pansi pa kapeti kudzaza kachipinda kanga, kuimba nyimbo za maliro. Ndinalira nawo, Mulungu andikhululukire, ndipo misozi inatulukadi.

Patapita miyezi inayi, achimwene anga anaimba foni ndili m'basi. "Amayi atisiya m'mawa uno."

Ndikanapita kwa ndani? Kwa abwana ndikati amayi amwaliranso? Kutchalitchi? Ndinanamanso kuti amwalira ndi azakhali. Abwana anapepesa, koma anati anthu achepa pantchito, ndipo azakhali si kholo. Kuchoka popanda chilolezo kunali kutaya viza, ana anga awiri ali pasukulu kuno. Ndinadzitsekera m'bafa n'kuluma thaulo kuti anawo asamve, poti nawonso ndinali nditawaphunzitsa kusunga bodza lija, ndipo ndinalibe nkhope yowauzira. Palibe amene anabwera kudzakhala nane pansi.

Tsiku loika maliro, foni inkangonjenjemera m'thumba la yunifomu, achimwene akutumiza zithunzi za bokosi. Ine ndinali pakati pa chitunda, mvula ikuwaza, manja onse pa njinga. Ndikanachotsapo dzanja limodzi, ikanabwerera pansi ndi agogo omwe. Iwo anacheuka n'kundifunsa mwaulemu ngati ndinamvapo za mfumu ina yochenjera ya ku Girisi.

"Ayi, agogo," ndinatero. "Ndiuzeni."