Anandisuntha kundiika pa sikirini ya pakona

Loweruka, 16 Ogasiti

Ndinali kusenda mtedza pakhonde madzulo ano pamene ndinaona kuti manja anga akunjenjemerabe. Amayi anandifunsa ngati ndi malungo. Ndinati ndi mphepo. Si mphepo. Ndi a Mabvuto a kushopu ya magemu. Pakamwa panga panakanika kunena masana aja, ndiye ndilemba pano zonse mmene zayendera.

Andibera mpando wanga. Andiberadi, masanasana, anthu akuona.

Shopuyo ili kuseri kwa msika kuno ku Nabvutika. Ndi chipinda chimodzi, makompyuta awiri. Ina ndi yatsopano, sikirini yake yaikulu ngati chitseko cha kabati, chithunzi choyera choti ukhoza kuwerenga masamba a mtengo. Inayo ili pakona, pafupi ndi ndowa yokolopera. Ndi yakale, ndipo fani yake imalira ngati chigayo chakutali. Ine kuyambira chaka chatha ndimasewera ya pakonayo. Ndi yotchipa, komanso palibe amene amaima kumbuyo kwako kuti aonerere. Gemu yanga ndi ya mpikisano wa magalimoto. M'kalasi sindikweza dzanja. Netibolo sindiitha. Koma kagalimoto kofiira kaja ndimakadziwa kuyendetsa.

Loweruka likudzali kuli mpikisano m'tauni wa mashopu a magemu a m'makomboni. Shopu iliyonse itumiza anyamata ake ndi mtsikana mmodzi. Lero linali tsiku losankha mtsikanayo, ndipo dzina lake litumizidwa Lolemba. Tinalembetsa awiri okha, ine ndi mnzanga Taonga. Aliyense analipira K10. A Mabvuto, amene amayang'anira shopuyo, anati tithamanga kamodzi kokha, nthawi imodzi, wina pa kompyuta iyi wina pa iyo, pa msewu watsopano umene palibe anauyendapo. Wofika msanga ndiye apita.

Taonga ndinamuphunzitsa ndine. Pa holide ya Epulo sankadziwa n'komwe batani la mabuleki. Ankagunda makoma akuseka, ine ndikumugwira chala kuti apa, osati apo. Analembetsa mpikisanowu atangomva kuti kudzakhala masikipa ndi kujambulidwa.

Pashopu paja pali lamulo limene aliyense amalidziwa, ngakhale silinalembedwe pakhoma. Ukafuna mpando umasiyapo chinthu chako, kapu kapena chikwama, ndipo palibe amachikhudza. Ndaonapo silipasi imodzi ikusunga mpando kuyambira m'mawa mpaka mwini wake atabwera kuchokera kumpira. Ndiye ine ndinafika 8 koloko isanakwane, a Mabvuto akusesa. Ndinawapatsa moni, n'kuyala juzi yanga yobiriwira ya kusukulu pa mpando wa sikirini yaikulu. Anaiona. Anagwedeza mutu n'kunena kuti zili bwino, mwana wasukulu, ubwere 2 koloko. Ndinapita kukathandiza amayi pa benchi yawo ya tomato mtima uli m'malo. Kamodzi kokha ndinafuna kuona msewu bwinobwino ngati anthu ena.

Ndinabwerera 2 koloko ili pafupi. Juzi yanga ndinaipeza pa mpando wa pakona. Yopindidwa bwinobwino, manja ake atalowetsedwa mkati. Pa mpando waukulu panali Taonga, tsitsi lolukidwa kumene, akumwa zoziziritsa kukhosi ndi kapaipi. Atandiona anandikodola mokondwa kuti Misozi bwera uone, zikuoneka ngati filimu.

Ndinapita pa kauntala. Ndinafunsa kuti ankolo, juzi yanga yafika bwanji uko. Anati sakumva, ndilankhule ngati munthu amene wadya. Ndinabwereza. Anyamata amene anadzaza chipindacho anatembenuka kutiyang'ana. A Mabvuto anayang'ana kudenga, n'kunena kuti mwina ndi mphepo ya Ogasiti.

Mphepo? Mphepo yake iti imene imanyamula juzi, kuizungulitsa kuseri kwa tebulo, kuipinda ngati yochokera kositidwa, n'kuikhazika pa mpando? Ngati ilipo ibwere kwathu, tili ndi zovala zambiri zofunika kupinda.

Izi ndikuzilemba tsopano. Pamenepo anyamata anaseka, ine ndinayang'ana zala za kumapazi.

Kenako a Mabvuto anatsamira pa kauntala n'kulankhula ngati aphunzitsi.

"Iwe mwana, sikirini siyendetsa galimoto. Msewu ndi womwewo, galimoto ndi yomweyo. Wodziwa ndi wodziwa basi. Ukhale pansi, anthu akudikira kuti alipire."

Ndinakhala pansi. Nditayang'ana sikirini, ndinaganiza kuti ndi misozi m'maso mwanga. Ndinapukuta. Sizinasinthe. Chithunzi chinali choipa kuposa masiku onse. Mitengo inali zibuma zobiriwira. Manambala oonetsa liwiro anali ngati olembedwa ndi makala pa khoma lonyowa. Chithunzi cha pa kompyuta chimapangidwa ndi timadontho tambirimbiri, ndipo timadonthoto tikachepa, zinthu zazing'ono ndi zakutali zimasungunuka. A Mabvuto amati rezolushoni. Ya pakona imakhala yotsika kale, koma lero anaitsitsanso.

Ndinawaitana. Anabwera akukoka mapazi. Anati msewu watsopanowu ndi wolemera, kompyuta yakaleyi ikhoza kuuma pakati pa mpikisano, ndiye anaitsitsa m'mawa kuti iziyenda mopepuka. Anati andithandiza, ndiyenera kuwathokoza, chifukwa galimoto yanga izithamanga mosadukiza. Ndinapempha kuti aikweze pang'ono chabe, ibwerere pamene imakhala masiku onse. Anati zala za ana asukulu ndi zimene zimawononga makina, ndisakhudze kalikonse. Ndinati si ine ndikhudze, ndi iwo. Anali atatembenuka kale, akufunsa Taonga ngati mpando uli bwino kapena aukweze.

Ndikufuna kulemba zoona, ngakhale zoona zina zili kumbali yawo. Galimoto sinadukizedi. Inkamva chala changa nthawi yomweyo. Ndipo ine ndemwe ndakhala ndikunena mumtima chaka chonse kuti sikirini ilibe kanthu. Ndapambanapo anyamata a pa sikirini yaikulu ndili pakona pomwepo, iwo n'kumanamizira padi yoyendetsera gemu kuti mabatani ake alimba. Koma imeneyo inali misewu yakale. Ndimaidziwa ngati njira ya kumpopi. Pa msewu umene ukuudziwa, chimbuuzi sichivuta, chifukwa mutu umaona zimene maso sakuona. Lero msewu unali watsopano. Pa msewu watsopano ulibe china, koma maso okha.

Tinayamba. Ndinachoka bwino, ndipo posakhalitsa ndinali patsogolo. Mu gemuyi, pamene msewu ukukhota pamakhala zikwangwani zachikasu za mivi, zoonetsa ngati ndi kumanja kapena kumanzere. Kwa Taonga mivi inkaoneka ikadali kutali. Kwa ine linali banga lachikasu chabe, ngati dzira loswekera pa galasi, mpaka nditafika pafupi penipeni. Ndinayamba kuponda mabuleki msanga paliponse, ngati wophunzira. Ndinali patsogolobe, koma mpata unkachepa.

Anyamata onse anaunjikana kumbuyo kwa Taonga. Kumbuyo kwanga kunali ndowa. Iwo ankaona mivi ija pamodzi naye, ndipo ankamuuza mofuula kuti kumanzere, kumanja, ponda. Ine, posowa maso, ndinayamba kuyendetsa ndi makutu. Kawiri zinandiyendera. Ndinaiwala chinthu chimodzi, chakuti iwo ankanena za pamene pali galimoto ya Taonga, osati yanga. Nditayandikira mlatho, banga lachikasu linatulukira. Ndinamva akuti kumanja. Ndinakhotera kumanja. Kumanjako kunali kwa pokhota pamene ine ndinali nditadutsa kale. Panga panali kumanzere.

Ndinagunda khoma. Kagalimoto kanazungulira n'kuyang'ana kumene kachokera. Galimoto yoyera ya Taonga inandidutsa, ndipo pa sikirini yangayo sinkaoneka n'komwe ngati galimoto, inali ngati pepala louluka. Ndinatembenuza, ndinathamangitsa ndi mtima wanga wonse, ndinamuyandikira. Anafika masekondi awiri ine ndisanafike.

A Mabvuto anamugwira chanza, n'kumujambula ndi foni atakweza padi m'mwamba. Podutsa pafupi nane anati wosadziwa kuvina amati bwalo lili ndi miyala. Sindinali nditanena kalikonse. Ndinali kungovala juzi yanga, ngakhale kunali kotentha, chifukwa sindinadziwe chochita ndi manja.

Pobwerera Taonga anandithamangira. Anagula tchipisi n'kundipatsa kuti tidye. Ndinati m'mimba simuli bwino. Ndinamufunsa, mosayang'ana nkhope yake, ngati anaona juzi yanga pa mpando paja. Anati ayi, iye anapeza mpando wopanda kanthu, ndipo ankolo anamuuza kuti khala apa, takusungira. Anawonjezera, akunyambita mchere ku chala, kuti ankolo aja amalemekeza kwambiri adadi ake, chifukwa ndi adadi anawathandiza mapepala oolotsera sikirini yaikulu ija pa boda ya Mwami. Ananena mopepuka, ngati akunena kuti kunja kuli fumbi.

Kenako anandigwira mkono.

"Misozi, undiphunzitse sabata ino, wamva? Ukudziwa kuti popanda iwe ndikachita manyazi kutauniko."

Ndinati ndamva. N'chifukwa chiyani ndinati ndamva?

Ndili ndi nsanje. Ndalemba, ndi imeneyo. Ndili ndi nsanje ndi tsitsi lake, ndi adadi ake a pa Mwami, ndi mmene amalowera m'chipinda anthu n'kumusunthira mipando asanapemphe. Akaseka, anyamata amaseka. Akagunda khoma, amati pepa. Iye ali ndi kwaya, ali ndi netibolo, ali ndi foni yakeyake, aphunzitsi onse amadziwa dzina lake. Ine ndinali ndi kanthu kamodzi aka, ndipo ndinamugawira ndekha ndi manja awiri. Sindimuda. Ndi iye amene anandibweretsera manotsi tsiku lililonse pamene ndinadwala chaka chatha, ndipo amandiyankhira anthu akandifunsa mafunso ine n'kuuma pakamwa. Ndikukhulupirira kuti juzi sanaione. Koma sanafunsenso kuti nanga Misozi wakhala bwanji pakona tsiku ngati la lero. Anangokhala, ngati mmene amakhalira paliponse. Sikipa ija idzamukhala bwino, ndipo zimenezo zikundipweteka kuposa zonse.

Koma inu a Mabvuto, ndili ndi mafunso, ndipo pano simungandiuze kuti simukumva.

Ngati sikirini siyendetsa galimoto, bwanji ya pakona ndi K5 pamene yaikulu ndi K10? Tikulipirira chiyani, mpando wofewa? Nanga lero, pamene tonse tinapereka mofanana, ine ndagula chiyani? Ngati zonse ndi zofanana, bwanji inuyo makasitomala akatha mumakhala pa yaikulu? Sindinakuonenipo pakona, kupatula potenga ndowa. Ngati msewu ndi womwewo, munavutikiranji kunyamula juzi yanga? Mukanamuika Taonga pakona, poti wodziwa ndi wodziwa basi. Ndipo ngati munadziwa kuyambira m'mawa kuti kompyuta yakale singathe msewu watsopano, chinakuletsani n'chiyani kuti tithamange mosinthana pa yaikulu, wina akatha wina? Mphindi zisanu zinali zodula choncho? Silipasi ya mnyamata imasunga mpando tsiku lonse. Juzi ya mtsikana wosalankhula imauluka ndi mphepo.

Kwa mtsikana aliyense amene adzapite pashopu paja ndinganene izi: usasiye chinthu pa mpando, ukhalepo wekha. Ndipo usanayambe, uyang'ane ngati ukutha kuwerenga manambala a pa sikirini. Ngati sukutha, usagwire padi.

Chimene ndikuopa ndi china. Taonga sanagunde khoma ngakhale kamodzi lero. Mabuleki ankaponda pa nthawi yake, monga ndinamuphunzitsira. Mwina wandiposadi. Mwina ngakhale ndikanakhala pa sikirini yaikulu akanandisiya. Sindikudziwa, ndipo a Mabvuto andilanda ngakhale kudziwako. Kuluza ndikhoza kupirira. Izi zosadziwa ndi zimene sindingathe kupirira.

Mawa Misa ikatha sindibwera kunyumba molunjika. Ndidzamudikira Taonga pa geti la tchalitchi, ndipo ndidzamuuza zonse za juzi ndikumuyang'ana m'maso. Ndidzamupempha kuti tipite limodzi kushopu dzina lisanatumizidwe, tikapemphe msewu wina umene tonse sitinauyendepo, iye pakona, ine pa yaikulu. Akandipambana pamenepo, ndidzamuphunzitsa sabata yonse ndi mtima umodzi, ndipo Loweruka ndidzamunyamulira chikwama mpaka m'tauni. Akakana kupita, ndipita ndekha. Ndikaima pa kauntala, ndipo a Mabvuto akadzati sakumva, ndidzabwereza mokweza mpaka amayi amve ali pa benchi yawo ya tomato.