Buku la Maphikidwe la ku Joni

Chaka chimene chimanga chinauma chisanabereke kwathu ku Nkomeshya, ndinauza mng'ono wanga Esnati kuti ine basi, ndikupita ku Joni kukafuna ntchito. Bambo a mwana wanga Tisa anali atamwalira, ndipo mwanayo anali atangoyamba sukulu. Esnati sanatsutse. Anangoti ndimusiyire mwanayo, azidya chimene ana ake akudya. Ndinakwera minibasi pa Chongwe, Tisa ali chiimire pambali pa Esnati akutafuna nzimbe. Iye ankangoyesa kuti ndikupita ku Lusaka kukagula zinthu.

Ku Joni ndinapeza ntchito yolera ana awiri pa banja lina. Abwana aakazi anali ndi buku lalikulu la maphikidwe, lolembedwera makolo ofuna kuphika pamodzi ndi ana awo. Pa zithunzi zake panali tiana tikuseka, ufa uli mbuu kumaso. Koma eni ake analibe nthawi, ndiye Loweruka lililonse wotsegula bukulo ndinali ine. Anawo ankakwera pa mipando kuti afike pa tebulo, wina kuswa mazira, wina kuphwanya nthochi ndi foloko. Akathira mchere m'malo mwa shuga ndinkawakalipira, iwo n'kumangoseka. Ndinkawakonda ana aja, sindinama ayi. Koma mtanda ukangolowa mu uvuni mtima unkandipweteka, chifukwa wanga mwana sindinamuphunzitsepo ngakhale kusenda anyezi.

Chipinda changa chinali kuseri kwa garaja, chabwino ndithu, cha magetsi, koma zii. Ndinkadya ndekha ngati wodwala. Chimene ndinkalakalaka kwambiri ndi khitchini yathu ya udzu, mmene amayi athu ankatituma uku ndi uku, utsi uli tolo, Esnati ndi ine tikulimbirana mtondo wosinjira nsinjiro. Ndalama ndinkatumiza, za sukulu, za feteleza, mpaka za malata a nyumba. Pa foni tinkalankhula Lamlungu. Poyamba Tisa ankalira n'kumafunsa kuti ndibwera liti. Patapita zaka analeka kufunsa. Ankangoti, “Tili bwino, amayi. Zikomo pa vonse.” Ine ndinkanyadira kuti mwana akukula ndi ulemu.

Ana a ku Joni atakula, ntchito inatha. Potsanzikana abwana anandipatsa buku lija, masamba ake ali ndi madontho a mafuta. Njira yonse ndinalifumbata pamiyendo. Za nyumba ya malata sindinkaziganizira n'komwe. Ndinkangofuna chinthu chimodzi, kuphika ndi Tisa.

Nditafika kwathu ndinapeza Tisa ali namwali wamtali kundiposa. Anandiphera nkhuku, nanditulutsira mpando pansi pa mtengo wa mango. Tisa anabwera ndi beseni, nagwada, n'kundithira madzi m'manja maso ali pansi. Tsiku loyamba zinandikomera. Koma mwezi unatha zili chomwecho. Ndikangodzuka kulunjika kukhitchini, Tisa ankathamanga kudzanditsekereza. “Pumulani amayi, munalema maningi.” Buku lija analikulunga m'pulasitiki n'kuliika m'kabati, pamodzi ndi mbale za alendo.

Ndili pampandopo ndinkawamva awiriwo m'khitchini. Esnati ankamunena Tisa kuti amadula chibwabwa, masamba a maungu aja, ngati akudulira ng'ombe, Tisa n'kumubwezera kuti nayenso dzanja lake la mchere ndi lolemera, kenako kuseka chikhakhali. Tisa ankamutchulanso Esnati kuti amayi, monga mwa mwambo wathu, koma mawu ake ankatuluka mosiyana. Nsanje inandigwira, ndipo ine ndikakwiya sindisunga. Tsiku lina kumunda ndinamuuza Esnati kuti wandibera mwana.

Esnati anaika khasu pansi. “Ba sisi, mwana sininabe. Akuyopani chabe. Mu mutu mwake imwe ndimwe muntu wamukulu wamene anamanga nyumba. Manje muntu waso angamutume bwanji?”

Mawuwo anandilowa.

Loweruka lotsatira Esnati anati akupita kukaona wodwala ku Palabana, ndipo anatenga ana ake onse. Ndikukhulupirira kuti anachita dala. Ndinatulutsa bukulo m'kabati, ndinavula pulasitiki, n'kukakhala pansi penipeni m'khitchini. Tisa atathamanga ndi mpando ndinamuuza kuti aubweze. Ndinatsegula tsamba la buledi wa nthochi, uja ndinaphika kambirimbiri ndi ana a eni, ndipo ndinamupempha kuti tiphike limodzi.

Anawerenga mwakachetechete, kenako anandikumbutsa mwaulemu kuti uvuni tilibe. Anati tingathe kuchita monga amaphikira chikondamoyo: poto pa mbaula, makala ena pa chivundikiro. Tinasakaniza mtandawo ngati anthu ongokumana pa basi, aliyense kupatsa mnzake mpata. Ndinayesa kuseleula, iye n'kumangomwetulira. Mumtima ndinati zakanika, mwana uyu ndinachedwa naye.

Ntchito yoyang'anira moto ndinaitenga ine, Tisa n'kutuluka kukatsuka mbale. Manja anga anali atazolowera kungotembenuza kabatani. Ndinaona ngati moto wachepa, ndiye ndinawonjezera makala pansi, n'kukupiza ndi mphamvu zanga zonse. Posakhalitsa fungo la chopserera linadzaza bwalo lonse.

Tisa analowa akuthamanga, thovu lili m'manja. “Imwe amayi! Mwashoka buledi! Malasha yafunika pamwamba, osati pansi. Fendelani uko, nipaseni chinyula. Imwe naimwe, simunamvele vamene nakamba?”

Anatenga kansanzako n'kuphula potoyo, kenako anazindikira amene amamukalipira. Anagwira pakamwa, maso ali tong'o, n'kuyamba kugwada. Ndinamugwira mkono asanafike pansi. Ndinaseka mpaka misozi, ndipo kusekako kunasanduka kulira kwenikweni. Chichokereni ku Joni anthu onse anali akundilemekeza, koma amenewa ndiwo anali mawu oyamba olankhulidwa kwa ine ngati munthu wa pakhomo. Zaka zonse zija ndinkayesa kuti ndikusowa malo, koma ndinkasowa munthu wondikalipira pa moto.

Bulediyo anali wakuda bii pansi, pakati wosapsa. Tinamupala ndi mpeni n'kumadya momwemo, titakhala pansi mapewa atagundana, Tisa akutsegula masamba ena n'kumasankha choti tidzayese. Chala chake chinasiya chizindikiro cha mwaye pa chithunzi cha makeke, ndipo sanapepese.

Madzulo Esnati atafika ananunkhiza m'mwamba, nayang'ana poto, n'kufunsa kuti ndani wawononga poto wake wabwino chonchi. Ndisanatsegule pakamwa, Tisa anandiloza ndi mthiko.

“Ni amayi aba. Ndipo basuka beka, ine sinizabathandiza.”

Ndinatenga mchenga ndi potoyo, n'kupita kuseri kukakwecha.